Njovu Zili ndi Alonda ku Chama, Nanga Mlombwa Akuulondera Ndani?

Mu 1998 dziko la Zambia linavomereza kuti chipembere chakuda chatheratu, opha nyama mozembera atachisesa chonse. Mu 2003 zipembere zisanu zinatsika m'ndege kuchokera ku South Africa n'kukasiyidwa m'nkhalango ya North Luangwa, tsidya lija la mtsinje wa Luangwa kwa munthu woima m'dziko la Mfumu Chifunda ku Chama. Zina zinatsatira, mpaka zobwera zonse zinakwana 25 pofika 2010. Lero zikuswana. Zili ndi asilikali ozilondera usana ndi usiku, ndege yozizonda kuchokera kumwamba, ndi agalu ophunzitsidwa kununkhiza mfuti ndi minyanga. Bungwe la Frankfurt Zoological Society, lomwe lakhala m'nkhalangoyi kuyambira 1986, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, agwira ntchito yofunika kuwaombera m'manja.

Mitengo ndiye ilibe mwayi wotere. Njovu ikaphedwa ku Musalangu, dera la nyama zakutchire la ku Chama, uthenga suchedwa kufika kulikulu la nthambi ya nyama ku Chilanga. Mlombwa wa zaka 100 ukagwa ndi macheka kumapeto kwa munda, nkhani yake imathera pachitsa pomwepo.

Chama ndi boma lalikulu, loposa masikweya kilomita 17,000, ndipo pa kalembera wa 2010 munali anthu pafupifupi 104,000. Ambiri ndi Asenga ndi Atumbuka a pansi pa mafumu monga Kambombo, Tembwe, Chikwa, Chifunda, Chibale, Lundu ndi Mulilo. Andale analichotsa m'chigawo cha Kummawa mu 2011 kulipereka ku Muchinga, n'kulibwezanso mu 2021, koma nthaka yake sinasunthe. Kuchigwa kuli tsanya wowirira, milambe, bwemba ndi migwalangwa. M'mbali mwa mitsinje muli mvunguti, msikidzi, mchenja ndi msangu. Munthu akamakwera kulowera kumalire a Malawi amalowa m'nkhalango za mombo, momwe muli masuku, maula, muwanga ndi mlombwa, ndipo kumpoto kwake kuli mapiri ozizira a Nyika. Ndi maboma ochepa m'dziko muno amene ali ndi mitundu ya nkhalango yosiyana chonchi pamalo amodzi.

Chimene boma limeneli likufunika tsopano, mitengo ikuluikulu yobereka njere isanathe, ndi munda wa zomera zakomweko, wosamalidwa ndi eni dera mongodzipereka. Si munda wa maluwa okongoletsa pabwalo la ofesi, ndipo si nkhalango ya bulugamu yodikira kudulidwa milimo. Ndi malo ochepa otchingidwa bwino, pafupi ndi madzi, pomwe mtundu uliwonse wa mtengo, chitsamba ndi therere la m'tchire la Chama uli ndi dzina lake pachikwangwani, pali buku lonena komwe njere yake inatoledwa ndi tsiku lake, ndipo pali anthu odziwa kuumeretsa. Phindu la munda wotere ndi njere ndi luso. Kukongola kumangobwera pambuyo.

Amene akuyesa kuti izi ndi zoseweretsa za anthu okhuta amve za mkungudza wa ku Mulanje. Mtengo umenewu umamera mwachilengedwe paphiri la Mulanje pokha, ndipo Malawi anausankha kukhala mtengo wa fuko. Matabwa ake amanunkhira, chiswe sichiwadya, choncho ocheka anaukwerera phiri zaka ndi zaka, moto wolusa n'kumapsereza mphukira. Akatswiri atayendera phirilo mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Chinapulumutsa mtunduwo n'chakuti anthu ena kalekale anadzalako mkungudza kutali ndi kwawo, paphiri la Zomba. Kumeneko n'kumene kunachokera njere zambiri zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi ya kafukufuku wa nkhalango ya FRIM ndi bungwe la padziko lonse la minda ya zomera la BGCI anapereka ku manazale a m'midzi yozungulira phirilo kuyambira 2016. Anthu a m'midzi anameretsa mbande zoposa 500,000 n'kuzisenza kukwera nazo phiri. Zingati zidzakule n'kubereka ndi nkhani ina, ndipo moto sunaleke. Koma pakanapanda mitengo ya ku Zomba ija, pakanavuta kupeza poyambira.

Zambia nayo yaona liwiro limene mtengo ungathere nalo. Zaka zingapo zapitazo mukula unali mtengo wamba, wodziwika kwa amisiri a m'midzi basi. Msika wa mipando yofiira ku China utaununkhiza, magalimoto akuluakulu anayamba kutuluka m'nkhalango usiku atasenza zipika, ndipo boma linaletsa kangapo kudula ndi kunyamula mtengowu koma malonda sanazime. Mu 2019, pamsonkhano wa ku Geneva wa CITES, pangano loyang'anira malonda a nyama ndi zomera pakati pa mayiko, dziko la Malawi ndilo linapempha kuti mukula ulowe pamndandanda wa zinthu zoyenera chilolezo chapadera zisanawoloke malire, ndipo zinatheka. Mu 2022 ku Panama mndandandawo unakula: mlombwa, umene ogulitsa matabwa ku Lusaka amati mukwa, unalowamo pamodzi ndi mbawa ndi msambamfumu. Yonseyi ndi mitengo imene mwana wa kum'mawa kuno amaidziwa. Chitseko cha tchalitchi, bwato, ng'oma, bedi la ukwati, zonse zimachokera mmenemo. Lipoti la BGCI la 2021 linati mwa mitundu pafupifupi 60,000 ya mitengo padziko lapansi, mitundu 30 pa 100 iliyonse ili pangozi yotheratu. Pangano la CITES limayang'ana pachipata cha dziko, koma silimeretsa mbande ngakhale imodzi.

Wina anganene kuti mitengo ikudzalidwa kale, ndipo n'zoona. Bungwe la COMACO, lomwe linayamba mu 2003 ndipo limagula mpunga wotchuka wa ku Chama n'kumaugulitsa m'mashopu ndi dzina la It's Wild!, lathandiza alimi a m'chigwa cha Luangwa kudzala gliricidia wochuluka zedi m'minda mwawo. Masamba ake amabwezera chonde, nthambi zake ndi nkhuni, ndipo mayi amene akuthyola nkhuni m'munda mwake sapita kukagwetsa tsanya. Ntchito imeneyo isanyozedwe. Komabe gliricidia kwawo ndi ku Central America, bulugamu ndi wa ku Australia, malaina ndi nimu ndi a ku Asia, ndipo paini naye ndi mlendo. Pamwambo wodzala mitengo pasukulu, bwana akagwira khasu kuti ajambulidwe, mbande imene ili m'dzenjemo kawirikawiri imakhala imodzi mwa imeneyi. Mwana angamalize sukulu atathirira mitengo chaka ndi chaka koma asanaonepo mbande ya muwanga.

Chifukwa chake si ulesi wa alangizi ayi. Mitengo yachilendo ija njere zake zimapezeka m'mapaketi, zimamera zonse pamodzi, ndipo pakatha miyezi itatu mbande yafika pa bondo, lipoti lalembedwa. Yakwathu ili ndi makhalidwe ake, ndipo aliyense ndi ake.

Chipatso cha mlombwa chimakhala chozungulira, chopyapyala m'mbali ngati phiko, pakati pali chotupa chodzaza minga yosongoka imene imalowa m'zala. M'kati mwa chotupacho mumakhala kanjere kamodzi kapena tiwiri, ndipo kukatulutsa osakaphwanya ndi ntchito ya mpeni ndi kuleza mtima. Kutchire moto wa lupsa ndiwo umawaula mingayo. Kanjereko kakamera, kamtengo kamatuluka m'dzinja, chilimwe chikafika kamauma mpaka pansi, mvula ikagwa kamaphukanso, n'kumachita zomwezo zaka zambiri, nthawi zina mpaka 10. Wosadziwa amati mbande yafa, amazula n'kudzalapo keshya. Chikhalirecho pansi muzu ukunenepa, ndipo chaka china mtengo umangonyamuka osabwereranso. Kuti ufike poti n'kuchekedwa matabwa pamafunika zaka 80 mpaka 100. Akuluakulu a m'midzi amadziwanso njira yachidule: nthambi yaikulu yodulidwa nthawi yoyenera, mvula ili pafupi, ikazikidwa pansi imatha kuphuka, n'chifukwa chake mipanda ina yakale ya makola inasanduka mizere ya milombwa.

Masuku ali ndi zawo. Njere yake siyisungika. Ikangouma yafa, motero iyenera kufesedwa masabata ochepa chipatso chitadyedwa. Mbande yake imakula monyentchera ngati m'chubu mulibe dothi lotapidwa pansi pa msuku waukulu, chifukwa mizu yake imadalira tizomera ta mtundu wa bowa tokhala m'dothi limenelo. Komanso pali msuku waumuna ndi waukazi, ndipo wofesa njere amadikira zaka zambiri asanadziwe kuti wake ndi uti. Akatswiri a bungwe la kafukufuku wa mitengo la ICRAF, amene anagwira ntchito ku Makoka ku Zomba ndi ku Msekera ku Chipata, anasonyeza kuti msuku womezanitsa ndi nthambi ya mtengo wobereka zipatso zotsekemera umayamba kubala m'zaka zochepa, pomwe wofesa umatha zaka 10 kapena kuposerapo. Njere ya mbawa, yopepuka ndi yamapiko, imafuna kutoledwa chibalobalo chikangosweka ndipo siyichedwa kufumbwa. Ya mlambe imafuna kunyikidwa m'madzi otentha kapena kupalidwa khungu. Ya tsanya, yonata utomoni wonunkhira, siyivuta n'komwe, imangofuna munthu woti aitole.

Luso lotereli silikhala m'kabuku ka pulojekiti ya zaka zitatu. Limakhala m'manja mwa anthu amene akhala pamalo amodzi nthawi yaitali, akulephera chaka chino n'kuyesanso chaka chamawa. Apa m'pamene munda wa anthu odzipereka umaposa ntchito ya kontilakiti.

Zomera za dera lino zinalembedwapo kale, ndipo mokwanira ndithu. D. B. Fanshawe anayendayenda m'Zambia akusonkhanitsa zomera ndi mayina ake a m'zilankhulo za anthu. Pulofesa Patrick Phiri wa pa University of Zambia anatulutsa mu 2005 mndandanda wa mitundu yoposa 6,000 ya zomera za dziko lonse. Chaka chomwecho kunatuluka buku la zomera za ku Nyika lokhala ndi mitundu yoposa 1,800. Paul Smith, amene m'zaka za m'ma 1990 ankayenda pansi m'nkhalango ya North Luangwa akulemba zomera zake, pambuyo pake anakatsogolera nkhokwe yaikulu ya njere ya munda wa zomera wa Kew ku England, kenako n'kukhala mkulu wa BGCI. Masamba ouma a mitengo ya m'chigwa chino ali m'makabati ku Kitwe, ku Lusaka ndi ku London. Zonsezi n'zabwino, koma mphunzitsi wa sayansi ku Chama sangatengere kalasi yake ku Kitwe kukaona tsamba louma. Munda wa zomera wodziwika bwino m'Zambia, Munda Wanga, uli ku Chilanga, ulendo wotopetsa wodutsa ku Lundazi ndi ku Chipata. Poyeza pamapu, munda wa boma la Malawi wa ku Mzuzu uli pafupi ndi Chama kuposa wa ku Chilanga.

Nzeru inanso, yomwe ili pangozi kuposa ya m'makabati, ili ndi asing'anga, azamba akale, osema mitondo ndi mabwato, ofula njuchi ndi amayi othyola ndiwo zakutchire. Iwowa amadziwa mtengo wa mphanda zosafumbwa, khungwa lopereka luzi lolimba, muzu wa m'mimba, maluwa opatsa uchi wowawa, ndi chipatso chimene chinapulumutsa mudzi chaka cha njala. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko pa 29 February chaka chimenecho, chinakumbutsa mabanja ambiri kuti malambe, bwemba, matowo ndi nthudza si zakudya za ana oweta mbuzi okha. Nkhalamba imodzi ikaikidwa m'manda, mayina a zomera makumi angapo amapita nayo, ndipo adzukulu amangoti "mtengo uja". Munda wa zomera ndi malo oti gogo ndi mdzukulu aimirire patsinde limodzi, wina akunena, wina akulemba, m'Chisenga, m'Chitumbuka, m'Chinyanja ndi m'Chilatini cha akatswiri. Sing'anga amene akuopa kuti mankhwala ake abedwa ali ndi chifukwa chomveka, ndipo palibe womukakamiza kuulula kasakanizidwe kake. Dzina la mtengo ndi komwe umamera n'zokwanira. Zambia ilinso ndi lamulo la 2016 loteteza nzeru zamakolo ndi chuma chachilengedwe, loti mlendo asangobwera n'kutola nzeru za eni dera popanda chilolezo chawo.

Nanga bwanji osangosiyira boma? Mbiri ya Munda Wanga ikuyankha. Ralph Sander anauyamba m'zaka za m'ma 1950 ngati munda wakewake, ndipo unatchuka. Utapita m'manja mwa boma unayenda bwino kwa kanthawi, kenako chuma cha dziko chitavuta unafooka kwambiri, mpaka mu 1998 bungwe la anthu akufuna kwabwino linautenga n'kuyamba kuudzutsa. Boma likasowa ndalama limayamba ladula za maluwa, ndipo palibe angalidzudzule kwambiri pomwe zipatala zilibe mankhwala. Mtengo wa zaka 80 sungadalire bajeti ya chaka chimodzi.

Kumene minda yotere yakhalitsa, pambali pa boma pamakhala gulu la anthu wamba. Munda wa Kirstenbosch ku Cape Town unayamba mu 1913 ndi cholinga chimene panthawiyo chinali chachilendo, chosamala zomera za dziko lomwelo m'malo modzaza za kunja, ndipo chaka chomwecho kunabadwa Botanical Society of South Africa, gulu la anthu wamba loti liziuthandiza. Kuyambira 2003 anthu odzipereka a m'gulu lotchedwa CREW akhala akuyenda m'matchire a dzikolo kufufuza ndi kuwerenga zomera zosowa, ndipo apezanso zina zimene akatswiri ankayesa kuti zinatha. Munda wa ku Zomba, umene Alexander Whyte anayamba mu 1891, unali woyesera mbewu zopindulitsa atsamunda. Zinatengera lamulo la 1987 lokhazikitsa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi kuti zomera za m'dzikomo zipatsidwe malo oyamba.

Pali mawu amene munthu wa ku Chama angayankhe nawo zonsezi, ndipo ndi olemera: kudzipereka sikudyedwa. Wodzipereka wa ku Cape Town ali ndi penshoni ndi galimoto. Wa kwa Tembwe ali ndi munda wa mpunga wofuna kupalira, thonje lofuna kupopera, ndi njovu zofuna kuthamangitsa usiku. Mabungwe ena anazolowetsanso anthu kuti msonkhano uliwonse umatha ndi alawansi ndi botolo la chakumwa, moti ntchito yopanda envulopu imaoneka ngati chipongwe. Ndipo aliyense amadziwa amene adzasenze ndowa mu Okutobala, dzuwa la m'chigwa likupitirira madigiri 40: amayi ndi ana asukulu, abambo a komiti ali pamthunzi ndi buku la maminitsi.

Komabe kunena kuti anthu a kumudzi sagwira ntchito yaulere ndi bodza loonekeratu. Ndani anaumba njerwa za sukulu zambiri za m'derali? Ndani amaperekeza amayi oyembekezera kuchipatala usiku, kukumba manda, kulambula njira ya kuchitsime, kumanga nyumba ya abusa? Magulu a amayi a m'matchalitchi akhala akusonkhana mlungu uliwonse kwa zaka zambirimbiri popanda wowalipira. Makalabu a Chongololo, amene bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia linayambitsa m'masukulu m'zaka za m'ma 1970, ayenda nthawi yonseyi ndi aphunzitsi ongodzipereka. Anthu amadzipereka pa chinthu chimene akuchiona kuti n'chawo ndipo phindu lake likuoneka. Amathawa chinthu chimene chabwera ndi galimoto yoyera n'kudzapita ndi galimoto yomweyo.

Choncho mundawo uyambe waung'ono, hekitala imodzi kapena ziwiri, pafupi ndi mjigo ndi sukulu, kuti ntchito ya munthu mmodzi isapitirire maola ochepa pa mlungu. Ukhale ndi nazale yogulitsa mbande, pakuti mabungwe, masukulu ndi makampani ofuna kubwezeretsa nkhalango amasowa kogula mbande za mitengo yachilengedwe, ndipo msuku womezanitsa kapena mbawa ya m'chubu ndi katundu wa ndalama. Ndalamazo zilembedwe poyera, zigule machubu, waya ndi sopo wa othirira. Amayi amene akusenza madzi akhalenso ndi mpando m'komiti ndi dzanja pa thumba. Mpanda ukhale woyamba kumangidwa mbande isanafike ngakhale imodzi, chifukwa mbuzi ya ku Chama siyidziwa Chilatini, ndipo njira yotchinga moto ilambulidwe udzu usanaume. Kumadera a njovu malo asankhidwe kutali ndi njira zake, pakuti mfula ndi msangu zikayamba kugwetsa zipatso, alendo a chitamba sadikira kuitanidwa.

Ndipo popeza msuku sukondwa ndi kutentha kwa pansi pa chigwa, tsanya naye safuna kumtunda kozizira, munda umodzi paboma sungasunge zonse. Chanzeru n'chakuti mfumu iliyonse ipatule kamalo m'dziko lake, timinda timeneti tizisinthana njere ndi nzeru. Mwambo wa Kwenje, umene umasonkhanitsa Asenga kwa Mfumu Yaikulu Kambombo chaka ndi chaka, ndi bwalo lokonzeka kale loti gulu lililonse lidzaonetse mbande zake ndi kusinthana ndi anzawo.

Pali kulakwitsa kumodzi kumene minda yambiri yotere imachita, ndipo n'kosavuta kukupewa. Otola njere amapita pamtengo umodzi wapafupi ndi msewu, n'kudzaza thumba. Mbande 1,000 za mayi mmodzi ndi banja limodzi. Matenda kapena chilala chikapeza chofooka chawo, zimapita zonse. Njere zitoledwe pamitengo makumi angapo yotalikirana, ya kuchigwa ndi ya kumtunda, ndipo mitengo imeneyo ilembedwe m'buku ndi kuikidwa chizindikiro, nyakwawa n'kulengeza pamsonkhano kuti nkhwangwa isayandikeko. Mwa njira imeneyi munda wa hekitala imodzi umateteza mitengo yamwazikana m'dera lonse, ndipo wotola njere amasanduka mlonda wake. Kumanda, kumene mitengo siyidulidwa mwachisawawa, n'kumene kwatsala makolo ambiri a mitengo, ndipo kulowako kumafuna chilolezo cha eni mudzi monga mwa mwambo.

Munda si nkhalango, ndipo wonena kuti ungalowe m'malo mwake akunama. Bowa wa tente umene amayi amagulitsa m'mbale m'mbali mwa msewu m'dzinja umamera pamizu ya mitengo ya mombo. Sungalimidwe pabedi la nazale. Chinaka, chimene ku Zambia amati chikanda, chimachokera ku timizu ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri, a mtundu umene ku Nyika kuli mitundu yake yoposa 200. Msika wa m'matauni wakula moti timizuti timachita kuchokera ku Tanzania mamiliyoni pachaka, ndipo dzikolo linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kupulumutsa maluwa amenewa. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi ndipo sizimera popanda bowa wake wa m'dothi, moti ngakhale akatswiri a ku Kew ndi a pa Copperbelt University, amene anagwirira limodzi ntchito imeneyi kuyambira 2016, anachita kufuna labotale. Gulu la kumudzi silingachite zimenezo. Chimene lingachite ndi kudziwa madambo amene chinaka chatsala, n'kugwirizana ndi okumba kuti mbali ina ipume. Nkhalango ya mombo nayo imadzibwezeretsa yokha kuchokera ku zitsa ndi mizu ngati moto wa mochedwa, mbuzi ndi uvuni wa makala zaipatsa mpata, ndipo njira imeneyo ndi yotchipa kuposa kudzala. Ntchito ya munda ndi kubwezera mitundu imene siyingabwerere yokha chifukwa makolo ake anachekedwa onse, ndi kuphunzitsa anthu kuzindikira mphukira yoyenera kuisiya akamalima.

Malamulo alipo kale, sakufunika atsopano. Lamulo la nkhalango la 2015 ndi ndondomeko zake za 2018 zimalola anthu a m'dera, mfumu yawo itavomera, kupanga gulu losamala nkhalango n'kulembetsa ku nthambi ya zankhalango, ndipo akatero amakhala ndi mphamvu pa malowo ndi pa zotuluka mmenemo. M'madera a Musalangu muli kale makomiti a anthu oyang'anira zachilengedwe, amene amalandirako gawo la ndalama za ulenje wa chilolezo. Pangano la 2015 la pakati pa Malawi ndi Zambia losamalira limodzi nkhalango za m'malire likuphatikiza Nyika, Vwaza, Musalangu ndi North Luangwa, kutanthauza kuti Chama ili pakatikati pa dera limene mabungwe akunja akuikamo kale ndalama. Kupempha kuti kachigawo kochepa ka ndalama zimenezo kapite ku zomera si kupempha mopambanitsa, makamaka poganizira kuti chipembere chakuda chija chimadya masamba ndi nthambi za zitsamba, osati udzu.

Ndalama zoyambira nazo si zambiri: mjigo kapena thanki, waya wa mpanda, machubu, wilibala, zikwangwani ndi mabuku awiri olembamo. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo lakhala likukwerabe, pomwe mu 2022 Chama inali ndi madera awiri, Chama North ndi Chama South. Zipatala, milatho ndi madesiki zili patsogolo, ndipo ziyenera kutero. Koma mpanda ndi mjigo wa pamunda wa zomera, umene ungamwetsenso sukulu yoyandikana nayo, ndi pempho loti lingalowe pa fomu ya komiti ya chitukuko ya wodi popanda kuchititsa manyazi wolemba. Fomuyo imafuna dzina la gulu, kalata ya mfumu yopereka malo, ndi mtengo wa zipangizo. Masuku amapsa mvula ikamayamba, ndipo gulu lofuna kufesa chaka chino liyenera kukhala litadzaza machubu ndi dothi la pansi pa misuku mwezi wa Novembala usanafike.